Kamangidwe ka maservo m'ndege ya rimoti kuti muziwafikira ndi kuwasintha mosavuta

Pulopela ikathyoka mumamasula nati, kuikapo ina, ndege n'kubwerera m'mwamba. Servo, kamota kamene kamasuntha zowongolera za ndege, ikafa ndiye nkhani ina, makamaka ngati munaikwirira m'kati mwa phiko n'kuimata guluu mbali zonse. Pamenepo mumang'amba ndege yabwinobwino kuti mutulutse kanthu kolemera magalamu 9. Kuno ku Tete vutoli limakula chifukwa zipangizo zimachokera kutali. Kaya muli ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo kapena ku Moatize, servo yatsopano mumaiitanitsa pa intaneti kapena kutuma munthu amene akuoloka malire pa Calómuè kapena pa Zóbuè, kenako n'kudikira. Choncho servo imene muli nayo iyenera kutuluka yamoyo m'ndege imene yagwa kuti ikagwire ntchito m'ndege ina, ndipo ikathothoka mano a magiya muyenera kuitsegula n'kuikonza popanda kuononga phiko.

Muyeso umene ndimayendera ndi uwu: servo iliyonse muziifikira ndi sikuludiraiva imodzi muli kubwalo kouluzira, popanda mpeni, ndipo kutalika kwa waya wake wokankha, wolumikiza servo ndi chowongolera, kuzisinthika ndi zala kapena pulayazi. Zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Sankhani malo musanamate chilichonse

Yalani zonse m'thupi la ndege lisanatsekedwe: batire, receiver (kolandira uthenga wa rimoti), ESC (kolamulira liwiro la mota) ndi maservo. Gwirani ndege ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko, pamalo amene ali pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo, muone ngati ikukhazikika. Maservo a elevator (chowongolera chakumchira chokweza ndi kutsitsa mphuno) ndi rudder (chakumchira chokhotetsa mphuno kumanja ndi kumanzere) ali ndi malo awiri odziwika. Mutha kuwaika pansi pa phiko, pamene kulemera kwake sikusokoneza chilichonse, koma mawaya okankha amatalika ndipo amafuna zowagwira m'njira kuti asamapindike. Kapena mutha kuwaika kumchira, kunja kwa thupi, pamene waya amakhala wamfupi ndi wolimba komanso zonse zimaonekera poyera. Njira yachiwiriyi ndiyosavuta posintha, koma dziwani kuti magalamu ochepa kumchira amafuna magalamu ochuluka kumphuno kuti ndege ikhazikike. Ngati batire lanu ndi lalikulu ndipo lingasunthidwe kutsogolo, ikani kumchira. Ngati ndi laling'ono, ikani pansi pa phiko.

Musanachoke pamenepa, tengani sikuludiraiva imene mudzagwiritse ntchito, muiimike chilili pamwamba pa servo. Ikufika pa sikuluwu ya mkono wa servo molunjika? Nanga pa masikuluwu a m'makutu mwake, tizigawo totuluka m'mbali timene servo imamangidwira? Ngati pali thabwa lodutsa pamwamba limene likukukakamizani kuipendeka, sunthani servo lero. Mutu wa kasikuluwu kakang'ono sukhalira kulala ukamamasulidwa mopendeka.

Pokhalira servo

Servo ikhale pathabwa, yomangidwa ndi masikuluwu. Pulayiwudi wa mamilimita 3 amakwana. Mutha kudula kathabwa kamodzi kokhala ndi mazenera a maservo onse, kapena kuika timatabwa tiwiri topingasa m'thupi la ndege, servo n'kukhala pakati. Servo yaing'ono ngati SG90 kapena MG90S imafuna zenera la mamilimita pafupifupi 23 m'litali ndi 12 m'lifupi. Yaikulu ngati Futaba S3003 imafuna pafupifupi 40 ndi 20. Onjezani milimita imodzi kuti isachite kukanikizidwa, ndipo mbali imene kukutulukira chingwe chake semani kampata kuti chisapanike. Anthu ambiri amaiwala kampataka, tsiku lotulutsa servo n'kupeza chingwe chakola kunsi kwa thabwa.

Mabowo a masikuluwu muyambe mwawaboola ndi chitsulo choonda kuposa sikuluwuyo. Lowetsani sikuluwu kamodzi kuti idule mazinga m'thabwa, itulutseni, donthezani kadontho ka supaguluu m'bowomo, dikirani kuti kaume ndithu, kenako mangani servo. Guluuyo amalimbitsa mazinga kotero kuti mutha kumasula ndi kumanga kambirimbiri bowo osakula. Mukamanga guluu asanaume, sikuluwu imagwidwa mpaka kalekale.

Maservo akuluakulu amabwera ndi timalabala takuda ndi timapaipi ta mkuwa. Timalabala timalowa m'makutu a servo, timapaipi timalowa m'timalabalato kuchokera kunsi, mbali yake yotambalala n'kugona pathabwa. Ntchito yake ndi kumeza kunjenjemera kwa injini ya mafuta, choncho musamange mpaka labala kuphwanyika. Pa ndege yaing'ono ya magetsi zimenezi sizivuta kwenikweni.

Nanga ndege ya foam, pulasitiki wofewa ndi wopepuka uja, imene sikuluwu singagwire? Njira yabwino ndi kumata kathabwa ka pulayiwudi pa foam, servo n'kumangidwa pa kathabwako. Ngati malo sakulola ndipo servo iyenera kumatidwa basi, yambani mwaikulunga ndi tepi, guluu agwire tepiyo osati servo. Potulutsa mumadula tepi ndi lezala, servo n'kutuluka yoyera. Guluu wotentha wa mfuti amamasukanso mukamudonthezera sipiriti m'mphepete. Koma za guluu ameneyu ndinenepo zina kumapeto, chifukwa sagwirizana ndi dzuwa la kuno.

Kachitseko

Ngati phiko limamangidwa ndi malabala kapena mabawuti pamwamba pa thupi, ndiye kuti phikolo ndilo chitseko chanu, palibenso chodula. Ngati maservo ali pena, dulani kachitseko kakakulu kokwanira zala ziwiri ndi sikuludiraiva. Dulani mpeni utapendekera m'kati, kuti chidutswacho chizikhala pamalo pake osagwera m'thupi la ndege. Kutsogolo kwake matani kalilime ka pulayiwudi kolowa kunsi kwa khungu la ndege, kumbuyo ikani maginito kapena sikuluwu imodzi. Lilime likhale kutsogolo nthawi zonse kuti mphepo izikatseka kachitsekoko m'malo mokatsegula. Maginito amphamvu mungawapeze m'hard disk ya kompyuta yakufa, ngakhale kuti amalemererapo. M'mphepete mwa dzenje limene mwadula matani timizere ta thabwa, popeza thupi la ndege limafooka pamene ladulidwa.

Maservo a m'mapiko

Apa ndi pamene anthu amakwirira maservo kwambiri, chifukwa phiko ndi lopyapyala ndipo servo imayenera kugona chammbali. Njira imene ndimaikhulupirira ndi kumanga servo pa chivindikiro chenichenicho. Dulani chivindikiro cha pulayiwudi wa mamilimita 1.5 kapena 2. M'kati mwake matani timibulu tiwiri ta mtengo wolimba motalikirana mofanana ndi makutu a servo, makamaka ndi guluu wa epoxy. Gonekani servo pakati pa timibuluto, mangani ndi masikuluwu ake, ndipo dulani mpata wautali pa chivindikiro woti mkono wa servo utulukire kunja. Kunsi kwa phiko konzani kafelemu kamene chivindikirocho chikhalepo, n'kuchimanga ndi masikuluwu anayi m'makona. Mukamasula anayiwo, servo yonse imatuluka m'dzanja lanu pamodzi ndi chivindikiro.

Chingwe chake chidutse m'kapaipi ka pepala kapena m'mabowo a nthiti za phiko, ndipo musachimate pena paliponse. Siyani ulusi wolimba m'njiramo, nsonga zake zitamatidwa ndi katepi, kuti podzasintha servo mudzangomanga chingwe chatsopano n'kukoka. Ngati mwalumikiza chingwe choonjezera, polumikizirapo mangani ndi ulusi kapena tepi. Pakamasuka m'kati mwa phiko ndege ili m'mwamba, aileron imodzi (chowongolera cha kumbuyo kwa phiko chopendeketsa ndege) imangoti zii. Onetsetsaninso mitundu polumikiza: waya wabulauni kapena wakuda ndi wa negative, wofiira ndi wa positive, wa olenji kapena woyera ndi wa uthenga.

Ikani servo pakati musanaike mkono

Gawo ili musalithamangire, chifukwa likalakwika zonse zotsatira zimakhala zongobisa cholakwikacho. Chotsani kaye pulopela. Yatsani rimoti, kenako lumikizani batire la ndege. Pozimitsa yambani ndi ndege, rimoti pomaliza. Pa rimoti bwezani ma trim ndi ma sub-trim onse (zosunthira pang'ono pamene servo imaima) pa 0, ma endpoint (malire a ulendo wa servo) pa 100. Pa marimoti a FlySky ndi Futaba, njira yoyamba (polowetsa chingwe pa receiver) ndi ya aileron, yachiwiri ya elevator, yachitatu ya moto wa injini, yachinayi ya rudder. Spektrum imayamba ndi moto, ndiye onani bwino musanalowetse zingwe.

Receiver imatumizira servo kauthenga ka magetsi maulendo pafupifupi 50 pa sekondi, ndipo kutalika kwa kauthengako ndiko kumauza servo poima. Ma microsecond (magawo a sekondi itagawidwa kamiliyoni) 1500 ndiye pakati, 1000 ndi mbali imodzi, 2000 ndi mbali inayo. Mukasiya timitengo ta rimoti pakati, servo imapita pakati pake penipeni n'kugwira pomwepo. Pokhapo ndi pamene muyenera kuika mkono. Kuuika servo itazima ndi kungolota, popeza simudziwa pamene shafiti inaima.

Mkono ukhale mopingasa ndi waya wokankha, pa madigiri 90. Onani kuti ndanena waya, osati bokosi la servo. Ngati waya akubwera mopendeka, mkono utsatire wayayo. Mukatero elevator imakwera ndi kutsika mofanana.

Nthawi zambiri mudzapeza kuti mkono sukufuna kukhala pa 90 ndendende: dzino ili wapitirira, dzino linalo waperewera. Pa maservo akuluakulu, shafiti ya Futaba ili ndi mano 25, ya Hitec 24, ya JR 23. Pa mano 25, dzino lililonse ndi madigiri 14.4, ndiye kudumpha dzino limodzi ndi ulendo wautali. Koma popeza 25 sagawika pawiri, mukatembenuza mkono wa mbali ziwiri kuti mbali inayo ibwere kuno, umakhala pakati pa mano awiri aja. Mkono wa mbali zinayi umakupatsani mwayi kanayi. Yesani mbali zonse, sankhani imene yayandikira kwambiri, zotsalazo dulani kuti zisamakole zinthu. Kampata kotsala ndiko kokha koyenera kumalizidwa ndi sub-trim. Ndipo musakakamize mkono wa kampani ina pa servo ya kampani ina ngakhale ukuoneka ngati walowa. Umaterereka tsiku limene mphepo yakula.

Mukamaliza, bwezani kasikuluwu kapakati pa mkono nthawi yomweyo. Kasikuluwu kameneka n'kosavuta kuiwala chifukwa mkono umaoneka wogwira ngakhale popanda iko.

Waya wokankha amene angasinthike

Lamulo lake ndi lalifupi: mbali imodzi yokhazikika, mbali inayo yosinthika, ndipo yosinthikayo ikhale kumene dzanja lanu limafika. Mbali yokhazikika pindani waya ngati chilembo Z, mulowetse m'bowo la mkono. Sichimasuka chokha. Kuipa kwake n'kwakuti kuti muchitulutse muyenera kumasula mkono wa servo, ndipo n'chifukwa chake tinaonetsetsa kale kuti sikuludiraiva ikufikapo. Pa timaservo ta magalamu 9 waya wachitsulo wolimba wa mamilimita 1.2 mpaka 1.5 amakwana. Bowo likachepa likuzeni ndi chidutswa cha waya yemweyo chosongoledwa, kuti lifanane naye ndendende. Mukaboola ndi nsonga ya mpeni bowo limakula mopitirira, waya n'kumasewera.

Mbali yosinthika ili ndi njira zingapo, ndipo sizifanana ubwino.

Yabwino koposa ndi clevis, kachipanda ka pulasitiki kapena chitsulo kamene kamapotedwa pa mazinga a waya n'kukagwira ndi kapini kanyanga ka elevator, kamkono kamabowo komangidwa pa elevator. Mumakatsegula, kukapota theka la mzungulo, kukabwezera. Pa mazinga a M2 mzungulo wathunthu ndi mamilimita 0.4, ndiye theka lake ndi 0.2 yokha. Mumasintha pang'onopang'ono, kuyang'ana, kusinthanso, monga amachitira wokonza njinga powongola limu. Waya wokhala ndi mazinga kale suyenera kuitanitsa kutali: sipoko ya njinga ndi ya mamilimita 2, ili ndi mazinga kunsonga, ndipo clevis ya pulasitiki imagwirapo bwino. Pa ndege yaikulupo sipoko ndi yabwino zedi, pa kandege kakang'ono imalemera. Onetsetsani kuti mazinga alowa m'clevis mamilimita osachepera 5, ndipo atsalako ena mbali zonse kuti mudzathe kutalikitsa kapena kufupikitsa. Pomaliza vekani clevis kamphete kodulidwa ku paipi yofewa kuti isayasame.

Yachiwiri ndi kachitsulo kokhala pa mkono wa servo, kobooka pakati, kamene waya amadutsamo n'kupanidwa ndi kasikuluwu. N'kofulumira kusintha, koma moyo wonse wa ndege umatsamira pa kasikuluwu kamodzi. Ngati mulibe, pitani kusitolo ya zamagetsi mukagule zolumikizira mawaya a m'nyumba, zija zapulasitiki zoyera zokhala ndi timasikuluwu tiwiritiwiri, musankhe zazing'ono kwambiri. Dulani pulasitiki, mutulutse kachitsulo ka mkuwa. Pangani waya wokankha wa zidutswa ziwiri, chilichonse chili ndi Z kunsonga kwake, zikumane n'kupitirirana m'kachitsulomo, mumange timasikuluwu tonse tiwiri. Pokumanapo pakhale pansi pa kachitseko kapena kunja kwa thupi. Mukakhutira ndi kutalika kwake, pakani kyutekisi pa timasikuluwuto kuti tisamasuke ndi kunjenjemera. Njira imeneyi ndimailola pa ndege zophunzirira zoyenda pang'onopang'ono. Pa elevator ya ndege yothamanga ndimafuna clevis basi.

Yachitatu ndi ya munthu amene alibe chilichonse: pindani chilembo V pakati pa waya. Mukafinya V ndi pulayazi waya amafupika, mukamutambasula amatalika. Imagwira ntchito pa tindege topepuka, koma V ameneyo amanyumphanyumpha mphamvu ikachuluka, ndiye akhale wamng'ono.

Waya wautali, wa mtundu uliwonse, amapindika pokankha ngakhale kuti pokoka amalimba. Mudutsitseni m'kapaipi komatidwa pamalo awiri kapena atatu m'thupi la ndege, kapena mangani timawaya tifupitifupi kunsonga zonse za kamtengo kowongoka ka nsungwi ndi ulusi ndi guluu. Kuti muyese, gwirani elevator ndi zala, mukankhe kamtengo ka rimoti pang'ono. Mukaona waya akuwerama m'malo mokankha, onjezani chomugwira.

Mabowo a pa mkono ndi pa kanyanga

Kanyanga kamangidwe kotero kuti mabowo ake ali pamwamba penipeni pa mzere wa hinji. Kakabwerera kumbuyo, mbali ina imayenda kwambiri kuposa inzake.

Tsono kuchuluka kwa kayendedwe kumasinthidwa ndi mabowo. Bowo lakunja pa mkono wa servo, kapena lam'kati pa kanyanga, limachulukitsa kayendedwe koma limachepetsa mphamvu. Bowo lam'kati pa servo, kapena lakunja pa kanyanga, limachepetsa kayendedwe n'kuonjezera mphamvu ndi kusalala. Wophunzira ayambe ndi bowo lapakati pa servo ndi lakunja kwenikweni pa kanyanga. Madigiri 10 mpaka 15 mbali iliyonse amakwana pa elevator ndi ma aileron a ndege yophunzirira, rudder ingapitirireko. Simufunika chida choyezera madigiri, lula ikwana: elevator ya mamilimita 40 m'lifupi ikakwera madigiri 15, mphepete yake yakumbuyo imasuntha pafupifupi mamilimita 10.

Marimoti a masiku ano ngati FlySky FS-i6 amalola kuchepetsa kayendedwe ndi mabatani, ndipo ambiri amathamangira kumeneko. Ine ndimati mabatani abwere pomaliza. Mukatsitsa endpoint kufika pa 40, servo ikugwiritsa ntchito kagawo kakang'ono ka ulendo wake, mphamvu yake yambiri ikutayika, ndipo kusewera kulikonse kwa magiya kumaonekera kwambiri kumchira. Sunthani bowo kaye, kuti endpoint itsale pafupi ndi 100.

Pali pamodzi pamene mungaphwanye dala lamulo la madigiri 90. Ndege zambiri zimakhota bwino aileron ikamakwera kwambiri kuposa mmene imatsikira, chifukwa yotsikayo imakoka phiko lake kumbuyo n'kupotoza mphuno kumbali yolakwika. Ngati servo ndi kanyanga zili kunsi kwa phiko, pendeketsani mkono dzino limodzi kulowera kutsogolo kwa phiko, mbali zonse ziwiri mofanana, kenako talikitsani waya mpaka aileron ibwerere pamzere.

Kankhani timitengo mpaka kumapeto mbali zonse, mutchere khutu. Servo ikamalira osaleka ndiye kuti pena pakupana: hinji yolimba, waya wokhula m'thabwa, kapena mkono wogunda chivindikiro. Servo yopanika imadya magetsi ambiri, imatentha, ndipo itha kugwetsa mphamvu mpaka receiver kuzima kwa kanthawi. Funani popanapo, musangochepetsa endpoint kuti phokoso lileke.

Kenako imani kumbuyo kwa ndege. Kamtengo kumanja: aileron yakumanja ikwere, yakumanzere itsike. Kamtengo kokokera kwa inu: elevator ikwere. Rudder kumanja: ipite kumanja. Ikapita kosiyana, tembenuzani njirayo pa rimoti.

Dzuwa ndi fumbi

Mumzinda wa Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotsekedwa kumaposa apo. Guluu wotentha amafewa, servo yomatidwa n'kusendera pang'ono osaoneka. N'chifukwa chake ndimalimbikira masikuluwu. Ndodo zokankha zapulasitiki nazo zimatalika zikatentha kuposa thabwa la ndege, kotero ndege imene munaikonza m'mawa wozizira wa Juni kumtunda kwa Angónia idzafuna kusinthidwanso masana a chilimwe ku Moatize. Muzisunga ndege pamthunzi, mabatire a LiPo makamaka, ndipo muziyang'ana ngati elevator ili pamzere musanaulutse.

Mabwalo athu ambiri ndi a dothi. Servo yakunja kapena yakunsi kwa phiko imamwa fumbi potera. Mpata wa mkono ukhale waung'ono, ndipo musapake girisi pa clevis kapena pa kanyanga, chifukwa amasonkhanitsa mchenga umene umakuza mabowo. Pukutani ndi kaburashi kouma. Posankha bwalo, talikirani bwalo la ndege la Chingozi ndi mawaya a magetsi, ndipo za malamulo a zouluka mufunse ku IACM, bungwe la boma loona za ndege ku Mozambique.

Ulendo woyamba mudzagwiritsa ntchito ma trim kuti ndege iwongoke, n'zachidziwikire. Mukatera musawasiye choncho. Yezani ndi lula pamene elevator, rudder ndi ma aileron zaima, lembani, bwezani ma trim pa 0, kenako potani ma clevis mpaka chilichonse chifike pamene munayeza. Mukapeza kuti elevator ikufuna kukwera kapena kutsika mamilimita oposa awiri kapena atatu kuti ndege iyende mowongoka, siyani clevis, mubwerere kukayeza kakhazikikidwe ka ndege ndi malo a batire. M'kabokosi kopita nako kubwalo muzikhala sikuludiraiva ija, pulayazi, mikono yotsala, timasikuluwu tapadera ndi servo imodzi yoyesedwa kale, ya mtundu womwewo kuti ikalowe m'mabowo omwewo.